Bwalo la Idi ndi Lobwereka: Mawu kwa Jamaa Yathu



Olemekezeka Mashehe athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, makolo athu, abale ndi alongo m'Chisilamu. Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah amene watifikitsa m'masiku ano tili amoyo, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.).

Akomiti atipempha ife aphunzitsi a kumadrasa kuti tinenepo mawu pa za bwalo limene timaswalirapo Idi. Mutu wa mawu athu ndi uwu: bwalo limenelija si lathu ayi. Ndi la khonsolo ya mzinda wa Blantyre, kutanthauza kuti ndi la anthu onse, Asilamu ndi amene sali Asilamu. Ife timangobwereka kwa maola ochepa basi. Tsono chobwereka ndi amana, ndipo amana tidzafunsidwa nayo pa tsiku lachiweruzo.

Ena amati, bwanji osangoswalira mumzikiti kuti tipewe chintchito chonsechi? Abale, kutuluka ndiyo Sunna. Kuyambira chaka chachiwiri cha Hijra, chomwe ndi 624, Mtumiki (S.A.W.) ankasiya mzikiti wake wa ku Madina nakaswalitsa Idi pabwalo. Adalamula kuti amayi nawonso azipezekako, ndipo patsogolo pake pankazikidwa kamkondo kakafupi kukhala sutra. Mukuona kuti ngakhale nthawi imeneyo padali okonza malo anthu asadafike.

Choyamba ndi kalata. Mwezi wa Ramadhani umakhala ndi masiku 29 kapena 30, ndipo tsiku la Idi timalidziwa usiku wake mwezi ukaoneka. Koma akhonsolo sagwira ntchito usiku. Nchifukwa chake kalata yopempha bwalo ipite Ramadhani ikangoyamba, ndipo tipemphe masiku awiri otsatizana, osati limodzi. Titchulemo nthawi yoyamba, yomaliza ndi chiwerengero cha anthu amene tikuyembekeza. Yankho likhale lolembedwa, ndipo ngati pali cholipira lisiti lisungidwe. Idul Fitr ndi holide kuno ku Malawi kuyambira mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, ndiye pa tsikulo ofuna mabwalo amachuluka, a mpira ndi a zisangalalo zina. Apolisi nawonso adziwitsidwe msanga, kuti adzathandize ana ndi okalamba powoloka msewu.

Chachiwiri ndi mvula. Chaka cha Chisilamu ndi chachifupi ndi masiku ngati 11, kotero Idi imabwerera m'mbuyo chaka chilichonse. Mu 2024 idagwa mu Epulo, mu 2025 kumapeto kwa Malichi, ndipo zaka zikubwerazi ikulowa m'kati mwenimweni mwa dzinja. Makolo athu akukumbukira kuti zidali chomwechi mu 1997 pamene Idi idali mu Febuluwale, ndi 1999 pamene idali mu Januwale. Ndipo ndani waiwala zimene namondwe Freddy adachita kuno mu Malichi 2023? Choncho komiti igwirizane zinthu zisadafike poipa: ikagwa mvula, tikaswalira m'mizikiti iti, ndipo wolengeza ndani. Anthu asadzaime m'matope kudikira kuti akuluakulu amalize kukambirana.

Chachitatu ndi mizere. Kuchokera ku Blantyre kuno, Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri ngati 7. Mizere ya laimu ya anthu a mpira siidalembedwe poyang'ana ku Makka, ndiye tisaitsatire. Anyamata apite madzulo ake ndi munthu wodziwa, akakoke zingwe. Tiyeni tiwerenge monga m'kalasi: munthu mmodzi poswali amafuna malo ngati masentimita 60 m'mimba ndi 120 m'litali. Anthu 1,000 ndiye kuti masikweya mita 720, osawerengera tinjira. Mbali ya amayi iyezedwe ndi muyezo womwewo, ikhale ndi polowera pake, isakhale malo otsala kuseri kwa magalimoto. Njira imodzi isiyidwe yotseguka kuti wina akakomoka galimoto ifike msanga.

Chachinayi ndi madzi ndi zimbudzi. Aliyense asambe ndi kupanga udhu kunyumba asadanyamuke. Komabe udhu umatha kuonongeka panjira, ndiye pakhale migolo ya madzi othira mankhwala, ya abambo payokha, ya amayi payokha, kutali ndi poyala mikeka. Zimbudzi za pabwalo zikaonedwe sabata isadakwane, ndipo tidziwe amene amasunga makiyi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Tsiku lachisangalalo lisasanduke chiyambi cha maliro.

Chachisanu ndi zokuzira mawu. Swala ya Idi ilibe adhana kapena iqama, ndi marakaa awiri okha, ndipo khutuba imabwera pambuyo. Ngati a kumbuyo sakumva takbira ya Imamu, mizere imasokonekera. Zipangizo ziyesedwe m'mamawa, jenereta ikhale ndi mafuta ake, ndipo zokuzira mawuzo ziloze kwa oswali, osati kunyumba za eni dera. Kumbukiraninso kuti Zakatul Fitr imaperekedwa Swala isadayambe. Tisadikire pageti, osauka ailandire kukadali masiku kuti nawonso aphike.

Chomaliza, chimene timakonda kuchiiwala. Khutuba ikatha aliyense amathamangira mpunga kunyumba, m'mbuyo kutsala nyuzipepala zoyala pansi, majumbo ndi mabotolo. Wosesa wa khonsolo akabwera mawa lake sadziwa kuti tidasala mwezi wathunthu, iye amangoona zinyalala. Wodutsa pamsewu sanamve khutuba yathu, koma bwalo waliona. Ndipo chaka chamawa kalata yathu idzafika pa tebulo lomwelo. Ana a kumadrasa timawaphunzitsa kuti ukhondo ndi gawo la Imani. Kodi adzakhulupirira za m'kalasi, kapena zimene aona bambo awo akuchita? Ife aphunzitsi tidzatsala ndi ana athu aakulu ndi matumba, koma mutu umodzi susenza denga. Banja lililonse linyamule chimene labwera nacho, ndipo wakomiti mmodzi ayendere bwalo pamodzi ndi woyang'anira tisadabweze makiyi.

Allah alandire kusala kwathu ndi Swala zathu, atikhululukire pamene taperewera, ndipo aupatse mtendere mzinda wathu ndi dziko lathu. Amin.

Idi Mubarak kwa nonse. Wassalamu alaikum.