Pfungo la Mandimu ndi Mpungabwi

Tamverani, inu amai a ku Chazanga amene mumakwera basi kunka ku msika wa Soweto kukagula timabotolo ta mafuta onunkhira. Madzulo ano ndifuna kukuuzani kumene pfungo lija licokera, pakuti ambiri a ife tilipira ndarama zambiri pogula cinthu cimene gwero lace timataya kudzala.

Tengani khoko la ndimu, mulifinye pafupi ndi mphuno. Timadzi timene tithovokamo ndiwo mafuta amene azipanga zonunkhira amafuna. M'caka ca 1709 munthu wina wa ku Italy, dzina lace Johann Maria Farina, amene anali kukhala mu mzinda wa Cologne ku Germany, anasanganiza mafuta otere ndi a zitsamba pokumbukira pfungo la kwao. Cimene anapangaco cichedwa Eau de Cologne kufikira lero.

M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean muli mtengo wa lalanje lowawa umene upatsa mafuta a mitundu itatu: a m'makoko, a m'masamba, ndi a m'maluwa ochedwa neroli. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya neroli, ayenera kuchola maluwa olemera ngati makilogalamu 1,000, ndipo ndico cifukwa cace mtengo wace uli wokwera. Cipatso cina, bergamot, cimalimidwa makamaka ku Calabria, kumwera kwa Italy.

Koma pfungo la zipatso izi liri ndi bvuto limodzi: licoka msanga ngati mlendo wa m'mawa. Cifukwa cace amisiri amaonjezako zitsamba monga rosemary ndi lavender, zimene pfungo lace likhalitsako.

Kodi ife tiribe zotere? Mandimu ndi manachesi ali pa makomo pathu, ndipo mpungabwi, umene agogo athu anali kuingitsira udzudzu, umera wokha. Senderani makoko mopyapyala, kusiya coyera ca m'kati. Muwaumitse pamthunzi pamodzi ndi masamba a mpungabwi, pakuti cinyezi ciolesa mafuta. Tsono muwaike m'botolo loyera, muthiremo mafuta a mpendadzuwa, mutseke ndi kubisa pamdima masabata awiri kapena atatu, kenaka musefe ndi nsaru. Pfungo lace silidzafika patali monga la m'sitolo, koma lidzakhala lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikucenjezeni pa zinthu ziwiri. Musathiremo kacasu kapena sipiriti woyatsira moto, pakuti ziononga pfungo ndi khungu lomwe. Ndiponso musadzole mafuta a mandimu pamene mulinkupita padzuwa, cifukwa akhoza kuocha khungu ndi kusiya mawanga akuda. Muyambe mwayesa pang'ono pamkono madzulo.

Tsono mawa, mwana akasenda nachesi, musafulumire kusesa makoko.