Voti Yathu Si Cholowa cha Chipani Chilichonse



Tiyambe ndi kuthokoza Allah amene watisunga ndi moyo kufikira lero, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW). Olemekezeka mashehe athu, mafumu, amayi, abambo ndi achinyamata, Asilamu anzanga a ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, pa tsiku la chisankho aliyense wa inu adzalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi la khansala. Za pulezidenti zikukambidwa kale pamsika, padoko ndi m'minibasi. Ine ndikufuna tilingalire za pepala lachiwirilo, la phungu, limene ambiri amalichonga mothamanga pongoyang'ana chizindikiro cha chipani.

Kuti timvetse kumene tikupita, tikumbuke kaye mmene dziko lino lakhala likuvotera. Pachisankho cha 1994 mipando inalipo 177. AFORD ya a Chakufwa Chihana inatenga mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto. MCP inatenga 51 mwa mipando 68 ya chigawo chapakati. UDF ya a Bakili Muluzi inatenga 71 mwa mipando 76 ya kummwera, ndipo itaphatikiza ndi ina ya pakati inafika pa 85. Kuyambira pamenepo anthu anazolowera kunena kuti munthu ukangodziwa kwawo, wadziwanso chipani chake. Ife a m'mbali mwa nyanja anatiika m'thumba la UDF, poti mtsogoleri wake anali Msilamu wa ku Machinga.

Koma chithunzi chimenecho sichinakhale chomwecho mpaka kalekale. Taonani mipando ya UDF chisankho ndi chisankho: 93 mu 1999, 49 mu 2004, 17 mu 2009, 14 mu 2014, ndipo 10 mu 2019. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anapita nawo, ndipo UDF inatsala makamaka ndi Mangochi, Machinga ndi Balaka. Ngakhale kumeneko nthaka inayamba kusuntha, moti mu 2019 a Atupele Muluzi, mtsogoleri wa chipanicho, anagonja kwa woima payekha m'dera lawo lomwe ku Machinga. Kumpotonso AFORD, imene inasesa mipando yonse mu 1994, inapeza mpando umodzi wokha mu 2019. Sindikunena izi ponyoza chipani chilichonse ayi. Ndikuzinena kuti muone kuti ovota, kuphatikizapo inu, anayamba kale kusankha ndi maso awo.

Nanga pachisankho cha 2025 zipani zinaima pati? MCP inkadalira maboma a Lilongwe, Dowa, Ntchisi, Kasungu, Mchinji ndi Dedza, kumene kuli anthu ochuluka ndi mipando yambiri. Koma poti ndiyo inkalamula, ndiyonso inkayenera kuyankha za kukwera mitengo kwa chimanga ndi feteleza, za mizere ya mafuta a galimoto, ndi za ndalama ya kwacha imene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. DPP inkadalira maboma a Alomwe ndi madera ena a kummwera, koma nayonso inali itasenza katundu wake, chifukwa chisankho cha pulezidenti cha 2019 chimene bwalo la milandu linathetsa pa 3 Febuluwale 2020 chinachitika iyo ili m'boma. UTM inalowa m'chisankhocho popanda a Saulos Chilima, amene anamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024. Kumbukiraninso kuti mu 2019 iwo anapeza mavoti pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, koma chipani chawo chinapeza aphungu anayi okha, poti mavoti awo anali omwazikana dziko lonse. UDF ndi PP ya a Joyce Banda zinkalimbirana chigawo chakummawa ndi zipani zazikuluzo, ndipo kumpoto kunalibenso mwini mmodzi.

Tsopano tiwerenge masamu. Bungwe la MEC linadulanso malire a madera, ndipo mipando yachoka pa 193 kufika pa 229. Kuti chipani chidutsitse bajeti kapena lamulo pachokha chikufunika aphungu 115. Chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri, ndi mu 2009 mokha pamene chipani chimodzi chinapeza mipando yoposa theka. Mu 2014 aphungu oima paokha analipo 52, kuposa a chipani chilichonse. Mu 2019 DPP inapeza 62, MCP 55, ndipo oima paokha 55. Zikadzachitikanso motere, aliyense amene adzalamule adzafuna aphungu ochokera kumadera amene si a chipani chake. Madera a m'mbali mwa nyanja ali m'gulu limenelo. Salima ndi Nkhotakota ali m'chigawo chapakati koma savota chimodzimodzi ndi Dowa. Mangochi ndi Machinga ali kummwera koma savota chimodzimodzi ndi Thyolo. Apa ndi pamene pagona mphamvu yanu. Dera limene chipani chikudziwa kuti lidzachivotera ngakhale chitaimika aliyense, chipanicho sichilabadira madandaulo ake. Dera limene limafunsa mafunso lisanapereke voti, aliyense amalimvera.

Pali zinthu zitatu za malamulo zimene ndikupempha kuti muzisunge. Choyamba, lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka ndi la pulezidenti yekha. Phungu amapambana pongoposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Anthu 20,000 atavota m'dera la opikisana asanu ndi atatu, wina atha kupita ku Lilongwe ndi mavoti 5,000 okha. Choncho mzikiti umodzi, doko limodzi kapena mudzi umodzi ukakhala pakhomo tsikulo, zotsatira zitha kusintha. Chachiwiri, ndime 64 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene inkalola ovota kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, inachotsedwa mu 1995. Amene mudzamusankhe ndi wanu zaka zisanu, kaya akome kaya aipe. Chachitatu, ambiri mwa oima paokha amakhala anthu amene anagonja pachipululu m'zipani zawo, ndipo akapambana kawirikawiri amakatsamira kumbali ya boma. Mufunseni woima payekha, pamaso pa anthu, kuti akakafika m'Nyumbamo adzakhala mbali iti ndipo chifukwa chiyani.

M'chipembedzo chathu udindo ndi amana, chinthu chosungitsidwa chimene mwini wake adzachifunsa, ndipo voti ndi umboni. Mukachonga dzina la munthu mukuikira umboni kuti iye ngwoyenera. Kodi umboni ungagulidwe ndi chitenje, sopo kapena kandalama ka mu envelopu? Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa mphatso pokopa ovota, koma kwa Msilamu chiletsocho chinalipo kale lamuloli lisanalembedwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukhala ndi dzina lachisilamu kapena kuvala mkanjo Lachisanu sikumuyenereza munthu kukhala phungu. Funsani za khalidwe lake: akabwereka amabweza? Atapatsidwa udindo kale, ndalama za anthu anaziyendetsa bwanji? Akutha kuwerenga bajeti ndi kuimirira n'kulankhula?

Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito misonkho. Mufunseni zimene zikutikhudza ife. Kolera imene inapha anthu ambiri m'dziko muno inayambira ku Machinga mu Malichi 2022: adzachita chiyani pa nkhani ya madzi aukhondo m'madoko? Nyanja itadzaza mu 2024 nyumba ndi minda zinamira: akuti chiyani za malo okhala anthu amenewo? Chambo chikusowa mu Malombe, atsikana athu akusiyira sukulu panjira, anyamata akuthera ku Joni posowa chochita kuno. Amene alibe yankho pa izi, nyimbo za chipani chake zisakusokonezeni.

Pomaliza, tisunge mtendere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu tilipo 13.8 peresenti ya Amalawi. Patokha sitingalamule Nyumba ya Malamulo, ndipo m'madera ambiri timavota limodzi ndi anansi athu Akhristu, amene timamwa nawo pamjigo umodzi. Akuluakulu akukumbuka kuti zotsatira za 1999 zitatuluka mizikiti ina inatenthedwa kumpoto, chifukwa anthu ankaona Chisilamu ndi chipani ngati chinthu chimodzi. Tisalole kuti maganizo amenewo abwerere kudzera mwa ife. Mzikiti ndi wa onse oswali, kaya avala chikasu, buluu, kapena chizindikiro cha tambala. Pamimbari pasamveke dzina la chipani, ndipo m'bale asaleke kupereka salamu kwa m'bale wake chifukwa cha voti.

Onetsetsani msanga dera limene mwagweramo malire atasintha, ndipo sungani bwino chiphaso chanu chovotera. Asodzi amene muli kumadoko akutali, konzani zobwerera kumene munalembetsa. Abambo, musaletse amayi ndi ana anu kupita kukavota, ndipo musawasankhire.

Allah atipatse atsogoleri oopa Iye ndi achifundo kwa anthu, ndipo asunge dziko lathu la Malawi mumtendere. Ameen.