Kumene Mlembi Atunga Nzeru Zace

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene ambiri a ife ticiyesa cacabe, ndico nthano za pa moto.

Ena aganiza kuti mlembi wa mabuku apangidwa ndi sukulu yokha. Sukulu ipatsa munthu colembera, koma zoti alembe azitenga kwao. Tiyeni tione Chinua Achebe, wa mtundu wa Igbo ku Nigeria, amene anabadwa m'caka ca 1930 namwalira m'caka ca 2013.

Atate ace anali mphunzitsi ndi mlaliki wa Church Missionary Society, ndipo pakhomo pao ku Ogidi panamveka mapemphero ndi nyimbo za Mulungu masiku onse. Koma atatewo, pokhala amasiye, analeredwa ndi amalume ao, Udoh, amene anakana kusiya cipembedzo ca makolo, ngakhale sanaletse mphwao kubatizidwa. Motero mnyamatayo anakulira pakati pa mbali ziwiri za banja limodzi, namva zonena za onse. Amai ace ndi mlongo wace wamkulu namsimbira nthano za mtundu wao.

Atakula, ali pa nchito ya wailesi ku Lagos, analemba buku lochedwa Things Fall Apart, limene linasindikizidwa ku London m'caka ca 1958. M'bukumo mwana wa munthu womveka asiya atate ace natsata amishoni. Mlembi sanyoza atate, sanyozanso mwana, pakuti anthu otere anawadziwa ali wamng'ono, ndipo anali abale ace. Mulinso mai wosimbira mwana wace wamkazi usiku nthano ya Fulu ndi mbalame. Zimenezi sanazipeze m'mabuku a Angerezi ai.

Tsono inu makolo, nanga kwanu ziri bwanji? Mwana akabwera ku sukulu ndi Cingerezi cace mucita naye manyazi, nimunena kuti nthano zathu nza anthu osaphunzira. Potero mumlanda cuma cimene mphunzitsi sangathe kumbwezera, pakuti agogo akatsikira kumanda nthano zosasimbidwa zitsikira nao pamodzi. Akulu anati m'mera mpoyamba. Usiku uno, mukatseka wailesi, itanani ana pa moto muwasimbire nthano imodzi.

Tsalani bwino.