Kodi Anzanga a Kusukulu Akandiona Akati Chiyani?

Amene ana akulira ayamwitseni pomwepo, musachite manyazi. Ine ndiyankhula mokweza.

Sewero limene tangomvera pa wailesi lija latiseketsa tonse. Kwa amene mwafika mochedwa, nkhani yake ndi iyi. Mayi wa ana anayi walandira uthenga pa foni woti anzake amene anali nawo Fomu 4 akumana pa Boma la Ntcheu pakatha milungu itatu. Papita zaka 15 asanaonane. Usiku ana atagona, mayi uja watenga kagalasi nayamba kudziyang'ana. Waona makwinya m'mbali mwa maso, mawanga akuda m'masaya ndi tsitsi lothothoka pachipumi. M'mawa mlamu wake wamuuza kuti, "Alamu, musadandaule. Pamsika pali mafuta, masiku khumi okha muoneka ngati mtsikana wa sukulu." Sewero lathera pamene mayi uja waima pa benchi ya wogulitsa mafuta, ndalama ya ngongole ya banki m'khonde ili m'manja.

Mwaseka, koma ndaona ena mwa inu mukudzigwira kumaso. Nkhani imeneyi si ya okhawo amene anafika ku sekondale. Ngakhale amene tinalekezera Sitandade 8 timakumana ndi anzathu akale pa chinkhoswe, pa ukwati, pa mwambo wa chiliza, kapena ku Nkolimbo pa Umhlangano, pamene a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi a ku Joni amabwera kumudzi atatchena. Mtima umagunda. Umayamba kudzifunsa kuti, kodi akandiona akati chiyani?

Ndisakunamizeni, inenso zinandichitikira chaka chatha. Anzanga a kusukulu anapangana zokumana, ndipo anayamba kutumiza zithunzi zawo pa WhatsApp. Nkhope zonse zinali zosalala ngati dzira. Ine, namwino wathunthu amene ndimalangiza anthu tsiku ndi tsiku, ndinapeza imvi zitatu, ndinazizula zonse, ndipo ndinatsala pang'ono kunamizira kuti tsikulo ndili pa ntchito. Ndinapitabe. Nditafika ndinapeza kuti wa nkhope yosalala uja ali ndi makwinya onga anga omwewa. Inali foni yake imene imasalaza zithunzi. Zoyang'anana zinatha tisanamalize ngakhale botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Tsiku lonse tinakamba za fizi ya ana, za matenda a makolo athu, ndiponso za anzathu awiri amene anatisiya.

Zimene mimba imasiya pathupi

Tiyambe ndi zimene mayi uja anaona pagalasi, chifukwa zambiri mwa izo si ukalamba ayi.

Mawanga akuda a m'masaya ndi pachipumi amabwera kawirikawiri mayi akakhala woyembekezera, monga umabwerera mzere wakuda uja wa pamimba. Kwa amayi ambiri amazimirira okha pang'onopang'ono mwana akabadwa. Dzuwa ndilo limawadetsa kwambiri. Tsitsi nalo limathothoka pakapita miyezi itatu kapena inayi mayi atachira, koma limameranso mwana asanakwanitse chaka. Tsitsi limene silimera msanga ndi la pachipumi limene timalikoka ndi kuluka kothina. Mukamva mutu kuwawa mutangoluka, dziwani kuti athinitsa. Mizere ya pamimba ndi m'ntchafu imayamba yofiirira, kenaka imambuwa. Siitheratu, ndipo wogulitsa amene akuti mafuta ake aifafaniza akungofuna ndalama zanu.

Pali bodza limodzi limene limandipweteka mtima, loti kuyamwitsa kumagwetsa mawere. Ndaonapo atsikana akuletsa mwana bere ali ndi miyezi inayi pofuna kusunga maonekedwe. Mawere amasintha chifukwa cha mimba yeniyeniyo, chiwerengero cha mimba zimene mayi watenga, ndi zaka zake. Amene sanayamwitse naye amasintha chimodzimodzi. Choncho yamwitsani mwakathithi miyezi 6 yoyamba, ndipo pitirizani kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Mafuta oyeretsa khungu

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mayi wa m'sewero uja waima.

Amayi athu kale ankangowatchula onse kuti Ambi. Lero maina achuluka, ndipo ena amabwera m'timabotolo topanda dzina, osakanizidwa ndi munthu kunyumba kwake. Koma mankhwala amene amayeretsa khungu msangamsanga alipo a mitundu itatu. Ndikufuna muwadziwe maina ake kuti mukaone pa botolo, kapena mwana wa sukulu akakuwerengereni.

Woyamba ndi hydroquinone. Khungu lathu lili ndi chinthu chotchedwa melanin, chimene chimalidetsa ndi kuliteteza ku dzuwa ngati ambulera. Hydroquinone amaletsa khungu kupanga melanin. Miyezi yoyamba munthu amayeradi, anthu nkumamuyamikira. Koma akadzola nthawi yaitali, uku akuyenda padzuwa, m'masaya mumabuka mawanga akuda bii, okhakhala, oposa amene ankafuna kuchotsa aja. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataliona pa amayi ambiri akuda, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa kuika hydroquinone m'mafuta odzola. Mawanga amenewa ndi ovuta kwambiri kuchiza. Ambiri amakhala nawo moyo wonse.

Wachiwiri ndi gulu la mankhwala otchedwa steroid. Pa kachubu pamalembedwa kuti clobetasol kapena betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, amene dokotala amalembera munthu wodwala nthenda ina ya pakhungu, kuti apake pamalo podwalapo kwa masiku owerengeka. Si mafuta odzola thupi lonse chaka chathunthu. Amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera. Amabweretsa ziphuphu, zipere zosamva mankhwala, ndi mizere ikuluikulu m'khwapa ndi m'mikono. Chilonda chimachedwa kupola. Ife anamwino timazunzika posoka khungu lotere, chifukwa limang'ambika ngati nsalu yakutha. Akalowa ambiri m'thupi angathe kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Choipa china nchoti amamanga munthu. Ukangosiya, nkhope imatentha, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu, ndiye umathamangiranso kumsika kukagula ena.

Wachitatu ndiye woopsa kwa ana athuwa. Dzina lake ndi mercury. Amapezeka m'mafuta ena ndi m'sopo wina woyeretsa khungu, ndipo nthawi zambiri salembedwa pa botolo nkomwe. Amalowa pakhungu nakafika m'magazi, kenaka amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Mu 1972 madokotala a ku Nairobi, m'dziko la Kenya, anapeza atsikana ambiri otupa thupi chifukwa cha nthenda ya impso, ndipo ambiri mwa iwo anali odzola mafuta otere. Mayi woyembekezera akadzola, mercury amafika kwa mwana ali m'mimba. Amapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Amatsalira pa chitenje, pa thaulo ndi pa zofunda. Taganizani mwana amene mwamunyamulayo, m'mene amakhudzitsira tsaya lake pa tsaya lanu ndi kuyamwa zala zanu. Mu 2013 maiko anagwirizana pangano la Minamata lochepetsa mercury pa dziko lonse, ndipo mu 2023 anaonjezera kuti kuyambira 2025 mafuta odzola asamakhale ndi mercury ngakhale pang'ono. Koma pangano silifufuza katundu wa pa benchi iliyonse. Ife a ku Ntcheu tili m'mbali mwa msewu waukulu ndiponso m'malire, katundu amalowa ndi njira zambiri. Mlonda woyamba ndi inu amene mukugula.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo nchinthu chosabisika. Nkhope imayera, koma zala, zigongono ndi mawondo zimatsala zakuda. Si paja anyamata amaseka kuti kumaso Fanta, kumiyendo Coca-Cola? Anzanu a kusukulu anakudziwani muli ndi khungu lanu. Mukafika mutayera, chimene adzaone poyamba ndi mafutawo.

Wina afunsa kuti, nanga ine amene ndinayamba kale nditani? Musataye botolo mobisa, ndipo musachite mantha kuti tikukalipirani. Bwerani nalo kuno tidzaliwerenge pamodzi. Ngati muli steroid ndipo mwadzola nthawi yaitali, pamafunika kusiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi a chipatala. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, musadikire mwezi wa mawa. Tionane lero lomwe.

Mapiritsi onenepetsa

Kwathu kuno mayi akaonda anthu amayamba manong'onong'o, ena amati akudwala, ena amati banja likumuzunza. Nchifukwa chake ena amagula mapiritsi kapena mankhwala akumwa onenepetsa phwando likayandikira. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi cyproheptadine, amene ntchito yake yeniyeni ndi yoletsa ziwengo. Amapatsa njala, komanso amagonetsa tulo tambiri. Mayi wosinza ali ndi khanda pafupi ndi moto, mukuona nokha. Ena amamwa mapiritsi a steroid monga dexamethasone. Kumeneko si kunenepa, ndi kutupa. Nkhope imakhala yozungulira, mimba imakula, koma miyendo imaonda ndipo mafupa amafooka. Mankhwala amene amati amakulitsa mbina yokha kulibe.

Chimene chimatikalambitsa msanga

Nzoona kuti amayi awiri obadwa chaka chimodzi angathe kuoneka ngati wina ndi mkulu wake wa mnzake. Sindingakane. Amene amakhala mu ofesi sapsa ndi dzuwa ngati amene amalima mbatatesi ku Tsangano kapena amene amakhala tsiku lonse pa msika wa Lizulu akugulitsa kabichi. Dzuwa ndilo limakwinyitsa khungu kuposa china chilichonse. Chipewa cha mlaza pa duku polima, ndi ambulera kapena kamthunzi pa malo ogulitsira, zimathandiza nkhope kuposa botolo lodula. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umafiiritsa maso ndi kuononga chifuwa. Mphepo ya mu Juni ndi Julayi ya kumapiri kwathu kuno imang'amba milomo ndi zidendene, ndipo mankhwala ake ndi Vaseline wamba, wopaka mutangosamba khungu lisanaume.

Koma chachikulu chimene ndimaona pa amayi obwera kuno ndi kutopa kwa thupi. Kubereka pafupipafupi kumamaliza magazi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa. Mayi wotere amaoneka wotuwa, amachita chizungulire, mtima umathamanga akakwera kachitunda, ndipo galasi limamuuza kuti wakalamba pamene ali ndi zaka 28 zokha. Ameneyu safunika mafuta. Afunika kuyezedwa magazi, kumwa mapiritsi oonjezera magazi aja amene ambiri mumawasiya m'chikwama, ndi kudya. Nyemba, usipa, mazira, chiwindi chikapezeka, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, kenaka chipatso monga bwemba, gwafa kapena malambe. Tiyi musamwere pa chakudya, chifukwa amatchinga thupi kutenga zopangira magazi. Ndipo mayi, musamadye zotsala m'mbale za ana ngati kuti ndinu mlendo pakhomo panu. Mwana akabadwa, dikirani zaka ziwiri musanatenge mimba ina. Njira zolera zilipo konkuno, ndipo bambo akafuna kumva nawo abwere.

Imvi zokha ndiye zilibe mlandu. Zimatsata mtundu. Ena zimawayamba ali ndi zaka 30, ena 50. Mukafuna kudetsa tsitsi, yambani mwapaka pang'ono kuseri kwa khutu ndi kudikira masiku awiri, popeza ena amatupa nawo nkhope mankhwala amenewa.

Kusintha kumene simuyenera kukubisa

Pali kusintha kwina kumene timakuphimba ndi mafuta kapena chitenje pamene kukufunika chipatala. Kuonda popanda chifukwa. Kutupa kwa nkhope ndi mapazi. Chotupa m'bere. Chilonda chosapola. Kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena mutasiya kale kusamba, zimene zimachitika kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Khansa ya khomo la chiberekero yatitengera amayi ambiri m'dziko muno, chonsecho kuyezetsa kwake nkwa kanthawi kochepa ndipo ikapezeka msanga imachizika.

China ndi cha mumtima. Kuda nkhawa masiku angapo phwando lisanafike nkwachibadwa. Koma ngati papita milungu iwiri kapena kuposa mukungolira, tulo osabwera, chakudya osachifuna, mukubisala m'nyumba kuopa anthu ndipo ngakhale mwana wanu sakukusangalatsani, imeneyo ndi nthenda monga nthenda zina. Imagwira amayi ambiri akangochira, ndipo thandizo lilipo. Tiuzeni.

Tsono tibwerere kwa mayi wathu amene tamusiya pamsika uja. Ndikanakhala mlamu wake ndine, ndikanamugwira dzanja ndi kumuuza kuti, "Alamu, ndalama iyi ndi ngongole, ndipo mwezi wa mawa gulu lidzaifuna ndi chiongoladzanja chake. Tiyeni kunyumba. Chitenje chanu cha ukwati wa chaka chatha chija chikadali chatsopano. Ndikuchapirani, ndikusitirani, tsitsi ndikulukani ine mosathinitsa, ndipo ana ndikhala nawo tsiku limenelo." Akadanenabe kuti akuopa kusekedwa, ndikanamufunsa kuti anditchulire mnzake mmodzi amene akumulakalaka kumuona. Ndikhulupirira akanatchula atatu, ndi maina awo achibwana omwe.

Sabata ya mawa tidzamva ngati anagula mafuta aja. Pakadali pano konzani mabuku a ana, tiyambe kukweza sikelo. Amene muli ndi botolo kapena kachubu m'chikwama, mundipeze m'chipinda chakumapeto tikamaliza. Tikakhala awiriwiri, chitseko chotseka.