KODI NKWABWINO KUGULIRATU TIKITI YA SITIMA?

Nkhani iyi inakambidwa kwa aphunzitsi ndi makolo amene ali ndi ana ku Britain, ndipo yalembedwa pano kuti ithandize onse amene akukonzekera ulendo wa kumeneko.



Masiku ano midzi yambiri ili ndi mwana kapena mbale amene ali ku Britain, dziko limene akuluakulu amalitcha Mangalande. Ena anapita kukaphunzira, ena akugwira ntchito m'zipatala, ndipo chaka ndi chaka pamakhala makolo amene amaitanidwa kukaona mwana wawo akulandira digiri, kapena kukathandiza mwana wamkazi amene ali ndi khanda. Ulendo wotere umadya ndalama zambiri. Ena amagulitsa ng'ombe, ena amathera ndalama za fodya wa chaka chonse. Chifukwa chake nzomvetsa chisoni munthu akataya ndalama zina pa siteshoni chifukwa chosadziwa malamulo a matikiti.

Anthu ambiri amafunsa kuti: kodi wapaulendo aguliretu tikiti ya sitima asananyamuke, kapena adikire akagule atafika? Yankho lake silimodzi, pakuti pali maulendo ena ofunika kuguliratu ndipo pali ena amene kuguliratu nkudzitchera msampha. Kuti munthu asankhe bwino, ayenera kuyamba wadziwa mitundu ya matikiti.

MITUNDU ITATU YA MATIKITI

Kuno kwathu munthu amafika pokwerera basi, nafunsa mtengo, nalipira monga alipirira mnzake wokhala naye pampando. Ku Britain sizili choncho. Anthu awiri akhoza kukhala moyandikana m'sitima imodzi, akupita kumodzi, koma wina atalipira kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa mnzake. Kuyambira chaka cha 2008 matikiti ambiri a kumeneko anaikidwa m'magulu atatu, ndipo maina ake ndi Anytime, Off-Peak ndi Advance. Wapaulendo ayenera kuwaloweza mainawa, chifukwa ndi amene amalembedwa pa tikiti.

Tikiti ya Anytime imalola munthu kukwera sitima ya nthawi iliyonse, ngakhale mmawa pamene anthu akuthamangira ku ntchito. Ndiyo yokwera mtengo koposa onse.

Tikiti ya Off-Peak ndi yotsikirapo mtengo, koma imagwira ntchito pa nthawi imene sitima sizidzaza. Pakati pa sabata nthawiyi kawirikawiri imayamba cha m'ma 9:30 mmawa, ndipo m'mizinda ikuluikulu tikitiyi imaletsedwanso madzulo pamene anthu akuweruka. Loweruka ndi Lamlungu imagwira tsiku lonse.

Matikiti awiriwa mtengo wake susintha ndi tsiku logulira. Wogula mwezi wathunthu ulendo usanafike ndi wogula sitima ili pafupi kunyamuka amalipira chimodzimodzi, ndipo matikitiwa satha. Choncho palibe phindu lililonse kuwaguliratu.

Tikiti yachitatu, ya Advance, ndiyo imene nkhani ino yagonapo. Mtengo wake uli ngati wa chimanga. Wogula chimanga nthawi yokolola amachipeza chotsika, koma wodikira mpaka January amalipira zambiri pa thumba lomwelo. Matikiti a Advance kawirikawiri amayamba kugulitsidwa kutatsala masabata 12 kuti ulendo uchitike. Pa sitima iliyonse amaikapo owerengeka a mtengo wotsika, ndipo akatha amenewo mtengo umakwera, nukweranso, kufikira atatheratu. Nthawi zina amapezekabe ngakhale tsiku la ulendo, koma otsika kwenikweni amakhala atapita kale.

MSAMPHA WA TIKITI YOTSIKA MTENGO

Walira mvula walira matope. Tikiti ya Advance imamanga munthu ku sitima imodzi yokha, ya tsiku ndi ola limene lalembedwa. Sitimayo ikamusiya, tikiti yafera pomwepo, ndipo ayenera kugula ina pa mtengo wa tsikulo. Akasintha maganizo osapitanso, ndalama sizibwezedwa. Chimene amaloledwa ndicho kusintha tsiku kapena ola sitimayo isananyamuke, ndipo kawirikawiri amalipira ndalama yosapitirira mapaundi 10 pamodzi ndi kusiyana kwa mitengo.

Ena amaganiza kuti akhoza kungokwera sitima yotsatira mwakachetechete. Kumeneko nkudzinamiza. Masiteshoni ambiri ali ndi zipata zimene zimatseguka ndi tikiti, ndipo m'sitima mumayenda woyang'ana matikiti. Ku England, kuyambira January 2023, munthu wopezeka wopanda tikiti yoyenera akhoza kulipitsidwa chindapusa cha mapaundi 100 kuphatikiza mtengo wa ulendowo. Chindapusacho chimatsika kufika pa mapaundi 50 ngati chalipiridwa masiku 21 asanathe, koma ngakhale pamenepo ndi ndalama yambiri kwa munthu wochokera kumudzi.

Pali chifundo chimodzi chokha. Ngati ulendo uli wa sitima ziwiri, ndipo yoyamba yachedwa mpaka yachiwiri yamusiya, cholakwa si cha wapaulendo, ndipo amaloledwa kukwera yotsatira. Ngatinso sitima yake yalephereka kuyenda, akhoza kukwera ina kapena kulandira ndalama zake. Koma kuchedwa kwa ndege a njanji sakuwerengera.

TSIKU LOFIKA

Mfundo yotsirizayi ndi yofunika kwambiri kwa anthu a kuno. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre molunjika ku London. Wapaulendo amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo ndege imodzi ikachedwa ulendo wonse umasokonekera. Akatera pa bwalo la Heathrow amaima pamzere woonetsa pasipoti, umene nthawi zina umakhala wautali, kenaka amadikira katundu. Akatuluka amakhala asanafike pa siteshoni ya sitima za kutali. Sitima ya pansi pa nthaka ya Piccadilly imatenga pafupifupi ola limodzi kufika pakati pa mzinda.

Ayeneranso kudziwa kuti London ili ndi masiteshoni akuluakulu angapo, iliyonse ndi njira yake. Wopita ku Manchester kapena ku Glasgow amakwerera pa Euston. Wopita ku Leeds, ku Newcastle kapena ku Edinburgh amakwerera pa King's Cross. Wopita ku Bristol kapena ku Cardiff amakwerera pa Paddington. Mlendo wotopa, wosenza masutikesi awiri, akhoza kusokera pakati pa masiteshoniwa.

Mwachitsanzo, mayi wina akupita kwa mwana wake ku Manchester, ndipo ndege yake iyenera kutera 7 koloko mmawa. Mwanayo pofuna kupulumutsa ndalama wamugulira tikiti ya Advance ya 9 koloko. Ndege ikachedwa ndi ola limodzi lokha, mayiyo afika pa Euston sitima itapita, ndipo alipira kawiri ulendo umodzi. Nzeru yake ndi iyi: pa tsiku lofika, wapaulendo agule tikiti ya Off-Peak atafika pa siteshoni, kapena ngati akufunabe ya Advance, asiye mpata wa maola anayi kapena asanu kuchokera pa nthawi yotera ndege. Kukhala pa benchi kudikira sitima sikulipiritsa.

Chinanso, munthu asagule tikiti ya Advance asanalandire viza. Viza ikachedwa kapena ikakanidwa, ndalama za tikitiyo zapita.

MAULENDO OYENERA KUGULIRATU

Munthu akafika nakhazikika, maulendo ake ena amadziwika tsiku lake. Tsiku la mwambo wa digiri silisuntha, ngakhalenso la ukwati wa mbale. Pa ulendo wautali wotere, monga wa London mpaka Edinburgh, umene ndi wa makilomita oposa 600 ndipo umatenga maola anayi ndi theka, kuguliratu kumapulumutsa ndalama zambiri. Kawirikawiri tikiti ya Advance imabweranso ndi nambala ya mpando, pamene wogula pa tsikulo akhoza kuimirira njira yonse sitima ikadzaza, makamaka Lachisanu madzulo ndi Lamlungu masana.

Nyengo ya Khirisimasi ifunika kusamala mwapadera. Masiku oyandikira chikondwererochi sitima zimadzaza kwambiri. Pa 25 December sitima siziyenda, ndipo pa 26 December zimayenda zochepa chabe. Lamlungu ndi masiku a tchuthi ndi pamenenso a njanji amakonza njira, ndipo mbali ina ya ulendo imayendedwa pa basi.

Wofuna kuoloka kupita ku France ayenera kuguliratu ndithu. Sitima ya Eurostar imachoka pa St Pancras ku London, nidutsa mu ngalande ya pansi pa nyanja imene inatsegulidwa mu 1994, ndipo imafika ku Paris patapita maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. M'sitimayi palibe woimirira, aliyense amakhala ndi mpando wake, ndipo mtengo umakwera tsiku likamayandikira. Koma Mmalawi adziwe kuti viza ya ku Britain simulowetsa ku France. Ayambe wapeza viza ya Schengen, tikiti pambuyo.

MAULENDO OSAFUNA KUGULIRATU

Maulendo afupi alibe vuto. Amalawi ambiri akafika ku Scotland amafuna kukaona Blantyre wa kumeneko, mudzi umene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, umenenso unapereka dzina ku mzinda wa Blantyre wa kuno. Kuchokera pa siteshoni ya Glasgow Central ndi ulendo wosakwana theka la ola, sitima zimayenda pafupipafupi, ndipo munthu amangogula tikiti pa siteshoni nakwera.

Mkati mwa London namo simufunika kuguliratu. Anthu amagunditsa khadi la kubanki kapena khadi lotchedwa Oyster pa chipata polowa ndi potuluka, ndipo makina amawerengera okha mtengo, umene umakhala wotsika kuposa wa tikiti ya pepala. Munthu aliyense akhale ndi khadi lakelake. Mabasi a mu London analeka kulandira ndalama zamanja mu 2014, choncho wopanda khadi sakwera.

NJIRA ZINA ZOPULUMUTSIRA NDALAMA

Pali khadi lotchedwa Railcard limene limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa matikiti ambiri. Lilipo la achinyamata a zaka 16 mpaka 25, limenenso ophunzira akuluakulu a pa yunivesite amaloledwa kugula. Lilipo la okalamba a zaka 60 kupita mtsogolo. Ndipo lilipo la anthu awiri oyenda limodzi, monga bambo ndi mayi. Kuyambira March 2025 makadiwa amagulidwa mapaundi 35 pa chaka. Mlendo nayenso akhoza kugula, ndipo ngati ali ndi maulendo aatali awiri kapena atatu ndalamayo imabwerera. Koma khadilo liyenera kukhala m'thumba pa ulendo, chifukwa tikiti yotsitsidwa mtengo popanda khadi lake ndi tikiti yosayenera.

Ana osakwana zaka 5 amakwera ulere, ndipo a zaka 5 mpaka 15 amalipira theka.

Sitima ikachedwa, wapaulendo ali ndi ufulu wopempha chipepeso. Makampani ambiri amabweza theka la mtengo wa tikiti ya ulendo umodzi sitima ikachedwa ndi mphindi 30, ndipo amabweza mtengo wonse ikachedwa ndi ola. Chifukwa chake tikiti isatayidwe ulendo ukatha.

Za kagulidwe, makolo asade nkhawa. Mwana amene ali ku Britain akhoza kugula pa intaneti natumiza tikitiyo ku foni ya kholo lake. Nkwanzeru kuisindikizanso pa pepala, pakuti foni ikhoza kutha moto pa ulendo wautali.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Ulendo ukakhala wautali ndipo tsiku lake likudziwika, wapaulendo aguliretu tikiti ya Advance, ndipo afike pa siteshoni nthawi ikadalipo.

2. Pa tsiku lotera ndege asadzimange ku sitima ya pafupi ndi nthawi yotera.

3. Asagule tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke.

4. Pa maulendo afupi ndi a mkati mwa mzinda agule pa tsiku lomwelo.

5. Awerenge dzina la tikiti, tsiku ndi ola asanakwere.

Aphunzitsi akupemphedwa kuwerengera nkhaniyi makolo amene sadziwa kuwerenga, ndi kuwalembera pa kapepala dzina la siteshoni yokwerera, la yotsikira ndi nambala ya foni ya wokawalandira. Ndipo wapaulendo akakayika asachite manyazi. Pa siteshoni iliyonse yaikulu pali antchito ovala yunifolomu amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu, ndipo kuwaonetsa tikiti asanakwere sikulipiritsa kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.