Chimbalangondo choyera chija si choyera ayi

Lero ndabwera ndi nkhani ya nyama imene kuno kwathu kulibe. Mdzukulu wanga anaiona m'buku la kusukulu, mmene amaitchula pa Chipwitikizi kuti urso polar, nandifunsa kuti, "Agogo, chimbalangondo chimenechi chimasamba ndi sopo wanji kuti chiyere chonchi?" Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Tsono ndinakafufuza.

Chimbalangondochi chimakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kuchigawo cha Arctic, m'maiko asanu: Canada, United States (ku Alaska), Russia, Norway ndi Greenland. Champhongo chimatha kulemera makilogalamu 500, ndipo pansi pa khungu lake pali mafuta ochindikala mpaka masentimita 10.

Tsopano tcherani khutu. Khungu la nyamayi ndi lakuda bii, monga mphuno yake. Ubweya wakenso ulibe utoto woyera. Mukazula kaubweya kamodzi ndi kukaunika ndi makina okulitsa zinthu, mupeza kuti n'kopenyekera ngati galasi, ndipo ubweya wautali wapamwambawo uli ndi mphako m'kati ngati bango.

Nanga kuyerako kukuchokera kuti? Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse imene timaiona mu utawaleza. Tsamba limaoneka lobiriwira chifukwa limameza mitundu ina n'kubweza wobiriwirawo. Ubweya uwu ulibe utoto womeza mtundu uliwonse. Kuwala kukagwerapo kumagunda apa, kugunda apo, m'mphako muja ndi pakati pa ubweya wambirimbiri, n'kubwerera m'maso mwathu mitundu yonse ili pamodzi. Mitundu yonse ikasakanikirana chotere, diso limati "mbee!"

Zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku. Madzi a mumtsuko alibe mtundu, koma mukachapa, thovu lake limayera. Kambulu kamodzi ka shuga n'kopenyekera, koma shuga wodzaza m'mbale ndi woyera. Ngakhale imvi zangazi n'chimodzimodzi: palibe anandipaka laimu, utoto wakuda ndiwo unatha m'tsitsi.

Umboni wina ndi uwu. Mu 1979 akatswiri analemba za zimbalangondo zosungidwa kumalo oonetsera nyama ku San Diego zimene zinasanduka zobiriwira. Atafufuza anapeza kuti ndere zinamera m'mphako za ubweya uja. Zoterezi zinachitikanso ku Singapore mu 2004. Kuthengo nako, ubweyawu umatha kuoneka wachikasu chifukwa cha mafuta a nyama zimene chimadya.

Kuyeraku si kokongoletsa, ndi moyo wake. Chakudya chake chachikulu ndi nyama yam'nyanja yotchedwa foca. Chimbalangondo chimaibisalira pa madzi oundana, pafupi ndi chibowo chimene foca amatulukira kudzapuma mpweya, kapena kuinyang'amira ili gone. Pamalo poyera mbee, mlenje woyera saoneka msanga.

Vuto lake nali. Mu 1973 maiko aja anasainirana pangano ku Oslo loteteza nyamayi kwa alenje, ndipo zinathandiza. Koma lero mdani wamkulu si mfuti. Dziko likutentha, madzi oundana a ku Arctic akusungunuka msanga ndipo akuchedwa kuundananso. Nyengo yosaka ikufupika, ndipo chimbalangondo chimakhala nthawi yaitali pamtunda ndi njala. Mu 2015 akatswiri a bungwe la IUCN anayerekeza kuti zilipo pafupifupi 26,000, ndipo nyamayi ili m'gulu la zimene zili pachiopsezo. Kutentha kumene kukusungunula madzi akowo ndi komweko kumene kukusokoneza nyengo kuno kwathu.

Mdzukulu wanga nditamufotokozera, anayang'ana mutu wanga nati, "Ndiye kuti agogo inunso ndinu chimbalangondo!" Inunso mukafika kunyumba, tengani kambulu ka shuga, mukaonetse ana padzuwa, kenaka muwafunse chifukwa chake shuga wa m'mbale amayera.