Mapiri Opanda Njira: Brandberg ndi Sapitwa

Anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene anapita kukagwira nchito ku migodi ya kum'mawa kwa Johannesburg, ku Benoni, Brakpan, Springs ndi Boksburg, anapeza dziko losalala, lopanda phiri loti munthu nkulichula dzina. Mapiri amene anaona kumeneko anali oumbidwa ndi manja a anthu, ndiyo milu yaikulu ya mcenga wacikasu wocokera pansi pa nthaka, umene iwo eni anathandiza kukumba. Mizinda imeneyi inaphatikizidwa m'caka ca 2000 pansi pa dzina limodzi la Ekurhuleni. Codabwitsa ncakuti dzikolo, ngakhale lioneka losalala, liri lokwera ndithu. Munthu woima pa bwalo la ndege la ku Kempton Park ali pa mamita pafupifupi 1,700 kucokera pa nyanja yamcere. Wangotsala pang'ono kulingana ndi mnzace amene wakwera theka la tsiku nafika pa cidikha ca pamwamba pa phiri la Mulanje, ngakhale iye sanakhetse thukuta ndi pang'ono pomwe.

M'mizinda yotere mumacokera anthu amene pa masiku opumula amamanga katundu wao napita kutali kukafuna mapiri eni-eni. Bungwe lao lakale, Mountain Club of South Africa, linayamba ku Cape Town m'caka ca 1891, ndipo liri ndi nthambi ku Johannesburg. Ena mwa iwo sakhutira ndi mapiri a njira zolambulidwa. Afuna nsonga zakutali kumene njira imathera pakati, kumene munthu sakwera ndi zingwe ai, koma ndi miyendo ndi manja omwe, nthawi zina ndi mawondo ndi mimba. Nkhani ino iri ya nsonga ziwiri zotero, ina ya m'cipululu, ina ya m'dziko la mvula.

Yoyamba iri m'mphepete mwa cipululu ca Namib, m'dziko la Namibia, limene akulu-akulu analidziwa ndi dzina la South West Africa. Phirilo lichedwa Brandberg, ndiko kunena phiri loyaka moto, popeza dzuwa likamalowa matanthwe ace amafiira ngati makala. Adamara, eni dziko, alicha Dâures, ndipo tanthauzo lace ndi lomwelo. Nsonga yace yaitali, Königstein, iri mamita 2,573, ndipo palibe ina yoiposa m'Namibia monse. Mvula ya caka cathunthu m'dera limenelo ingokwana mamilimita 100 kapena kucepera apo, imene ku Mulanje ikhoza kugwa usiku umodzi. Mitsinje yace ndi mcenga wokha-wokha. Wofuna kufika pamwamba atsata zigwembe zodzala ndi miyala yaikulu ngati nyumba, kulumpha kucokera pa wina kunka pa wina, masiku atatu kapena kuposerapo kupita ndi kubwera.

Mdani wa pa Brandberg ndiye ludzu, ndipo kuwerengera kwace nkosabvuta. Lita limodzi la madzi lilemera kilogalamu imodzi. Munthu wokwera pa dzuwa lotero amwa malita asanu pa tsiku, kapena kuposa. Tsono pa masiku atatu asowa makilogalamu 15 a madzi okha, asanaike ufa, mphika ndi cofunda. Akasenza madzi ambiri ayenda pang'ono-pang'ono, masiku nacuruka, nasowanso madzi ena. Akasenza ocepa afulumira, koma bondo likangopindika pa mwala ali m'tsoka. Njira yoturukira m'msampha umenewu iri imodzi yokha, ndiyo kudziwa maenje a m'matanthwe m'mene madzi a mvula amatsalira miyezi yambiri, ndi kudziwanso amene aphwa caka cimeneco. Zimenezi mapu sanena.

Mabuku alemba kuti oyamba kufika pa Königstein anali Mjeremani woyesa malo, Reinhard Maack, ndi anzace awiri, m'mwezi wa January 1918, nthawi ya kutentha koopsa. Potsika anadzera cigwembe ca Tsisab, cakudya ndi madzi ziri pafupi kutha. Maack anagona pansi pa thanthwe lolendewera, ndipo kutaca anaona kuti khoma la pamene anagonapo liri ndi zithunzi za anthu ndi nyama zojambulidwa ndi utoto. Ngakhale anali wolefuka anajambulako m'kabuku kace. Pambuyo pace wansembe wina wa ku France, Henri Breuil, katswiri wa zithunzi zakale, anakaziona m'caka ca 1947, ndipo m'buku lace la 1955 anati cithunzi cacikulu ca pakati ndi ca mkazi woyera wocokera ku maiko a ku nyanja ya Mediterranean. Wansembeyo anali wophunzira kwambiri, koma apa maphunziro anamsokeretsa monga nkhungu isokeretsa mlenje. Akatswiri a masiku ano abvomerezana kuti cithunzico ndi ca mwamuna wodzola utoto, ndi kuti anacijambula ndi alenje a m'dziko lomwelo, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Kukula kwa nkhaniyi kunadziwika bwino ndi nchito ya Harald Pager, amene anakhala m'phirimo kuyambira 1977 kufikira imfa yace m'caka ca 1985, nakopera zithunzi zoposa 43,000. Sanayende yekha. Mmodzi wa omthandiza, Angula Shipahu, ndiye anali kufufuza phanga ndi phanga, napeza malo ambiri amene analembedwa m'mabukuwo. Zithunzi zocuruka ziri kumtunda kweni-kweni, kumene mlendo wa lero afika atapuma kambiri-mbiri. Tanthauzo lace ndi lakuti phiri limene Maack anatsala pang'ono kufera ludzu linali pothawira pa anthu akale m'nyengo ya cirimwe, pakuti madzi anali kukhalitsa m'matanthwe a pamwamba koposa m'cigwa. Iwo anakwera ndi akazi ndi ana, nakhala, naphika, napeza ndi nthawi yojambula akadyamsonga ndi mbidzi. Cotero mau akuti "woyamba kukwera" ayenera kumvedwa mocenjera: Maack anali woyamba kulemba tsiku. Lero lamulo la Namibia sililola mlendo kukwera Brandberg wopanda cilolezo ndi wotsogolera, ndipo ambiri apita m'miyezi yozizira yokha.

Nsonga yaciwiri omvera ambiri aidziwa, ngakhale ndi dzina lokha. Ndiyo Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, yaitali koposa zonse m'maiko atatu a omvera. Mapiri awiriwa ali ngati mapasa olekanitsidwa ali makanda. Onse anayamba zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo monga mwala wosungunuka umene unazizirira pansi pa nthaka, pa nthawi imene dziko la Africa linali kupatukana ndi maiko ena; pambuyo pace nthaka yofewa ya m'mbali inakokoloka, mwala wolimbawo nutsala uli ciriri pakati pa cigwa. Koma wina anagwera m'cipululu, wina m'njira ya mphepo ya cinyontho yocokera ku nyanja ya Indian, kotero kuti mbali ya kum'mwera ya Mulanje ilandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa caka. Pa Mulanje ludzu sindiye mdani. Mdani ndiye mtambo.

Phiri la Mulanje liri ndi njira zambiri zabwino, zopondedwa ndi oceka mkungudza, alenje ndi anchito a za nkhalango kuyambira kale. Boma linalisandutsa nkhalango yosungidwa m'caka ca 1927, ndipo bungwe la okwera phirili linayamba m'caka ca 1952. Munthu wocokera ku Likhubula akwera ndi njira yooneka kufikira ku Chambe, napitirira kufikira ku kanyumba ka Chisepo, pa mamita pafupifupi 2,200, m'tsinde mwa Sapitwa. Apa mpamene njira ithera. Otsala ndi mamita 800 okwera, amene pa pepala aoneka ocepa. Poyamba pali matanthwe osalala, otsetsereka kotero kuti munthu ayenda cokwawa, zala zace zikufuna-funa ming'alu. Kenaka pali miyala yosanjikizana, ndipo munthu apita pansi pace, m'timapanga topanikiza, atabvula katundu namkankha patsogolo. Pali tinkhalango ta mitengo yopindika yokutidwa ndi ndere, pali ndi ming'alu yakuya yobisika ndi tizitsamba. Kangapo konse wokwera aona nsonga nayesa kuti wafika, koma atakwera apeza ina kuseri kwace. Comutsogolera cokha ndi zizindikiro za utoto wofiira zopakidwa pa miyala apa ndi apo.

Zizindikirozo zithandiza pokha-pokha ngati munthu ataima pa cimodzi aona cinzace. Apa mpamene ciperoni cilowa m'nkhani. Mphepo imeneyi inatenga dzina kwa phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene anthu a ku Mulanje ndi Thyolo amaiona ikucokera, makamaka kuyambira May kufikira August. Ibwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo ikhoza kukhala masiku angapo osacoka. Pa Sapitwa ifika mofulumira: kumwamba kungakhale koyera m'mawa, koma pofika masana munthu osaonanso mnzace wa patsogolo. Thanthwe limene linali logwirika pokwera lisanduka loterera ngati mlamba potsika. Kuzizira nakonso kuli ndi kuwerengera kwace: pa mamita 1,000 ali onse okwera, kutentha kutsika ndi madigiri pafupifupi 6, kotero kuti pamwamba pa Sapitwa pazizira ndi madigiri 13 kapena 14 kuposa m'minda ya tiyi ya m'tsinde, ndipo usiku wa June ndi July madzi amaundana m'maenje. Munthu wonyowa, wanjala, wobvala malaya amodzi, sapirira usiku wotero. Ayamba kunjenjemera, nzeru zisokonezeka, tulo timgwira, ndipo tulo timeneto sadzukanso.

Izi si nthano. M'caka ca 1949 mkulu wa za nkhalango, Fred France, anakokoloka ndi mtsinje wosefukira pa phirili m'nyengo ya ciperoni, ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, amene anasimba za imfayo m'buku lace la 1952 lochedwa Venture to the Interior. M'caka ca 2003 mtsikana wa ku Holland anapita yekha ca ku Sapitwa, ndipo sanaonekenso ngakhale anamfuna masiku ambiri. M'mwezi wa July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, wophunzira za cuma, amene anali atayenda maiko ambiri a m'Africa mosabvuta, anasiya womtsogolera pansi napitirira yekha, akufuna kufika pamwamba ndi kubwerako tsiku lomwelo. Nyengo inasintha. Anamfuna kwa masabata oposa awiri, pansi ndi m'mwamba momwe, kufikira anthu a m'midzi ya m'tsinde anapeza mtembo wace kumayambiriro a August, atafa ndi cisanu. Sanali wofooka kapena wopusa ai. Anali wamphamvu ndi wofulumira, ndipo mphamvu zacezo ndizo zinamfikitsa kutali ndi thandizo. Mnzace Fellipe Barbosa anakonza kanema wa ulendo wace wotsirizawo m'caka ca 2017.

Dzina lakuti Sapitwa licokera ku mau akuti sapitidwa. Akulu a Amang'anja, Alomwe ndi Ayao ozungulira phirili anati pamwambapo ndi mudzi wa mizimu. Anati wopeza cakudya cophika-phika m'njira adye yekha osaitana mnzace, ndi kuti wolowa m'malowo mwacipongwe sabwerera. Wophunzira sukulu akhoza kuseka zimenezi, ndipo ena amaseka. Koma anthu amene anakhala pansi pa phiri mibadwo yambiri anaona ndi maso ao kuti ena opita kumeneko sabwera, ndipo anaika cidziwitsoco m'mau amene mwana ali yense akhoza kukumbukira. Dziko lonse linabvomereza kulemera kwa miyambo imeneyi m'caka ca 2025, pamene bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a cuma ca anthu onse, osati cifukwa ca msinkhu wace, koma cifukwa ca cikhalidwe ca anthu ace.

Adzukulu a akulu amenewo ndiwo otsogolera ndi amtengatenga amene adikira alendo pa Likhubula. Iwo sakana kukwera Sapitwa. Ena aikwera kambiri kotero kuti analeka kuwerenga. Cimene mlendo agula kwa iwo si miyendo yao yokha. Adziwa phanga louma m'mene anthu angabisale, adziwa thanthwe limene ligwirika likanyowa ndi limene siligwirika, ndipo akayang'ana kum'mwera ca kum'mawa naona mtambo ukukwawa m'cigwa ca Ruo adziwa nthawi imene watsala nayo. Pa cifukwa cimeneci mkangano wa mlendo ndi womtsogolera kawiri-kawiri ubuka pafupi ndi nsonga, pamene mlendo aona cipilala ca pamwamba ndi maso, koma mnzaceyo nanena kuti, "Bwana, tibwerere." Mlendo waononga ndalama zambiri, wacokera kutali, mwina ku Benoni kapena ku Ulaya, ndipo mawa ali ndi ulendo wina, wotsogolerayo aopa kumkwiyitsa, pakuti mphatso ya pa mapeto ndiyo ndiwo za ana ace. Boma ndi mabungwe acita bwino pamene aimira kumbuyo wotsogolera wobweza mlendo, kuti asalangidwe m'thumba cifukwa ca kucenjera kwace.

Kucokera pa Chisepo kunka pamwamba ndi kubwera, munthu wamphamvu atha maora asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu, nyengo iri yabwino. M'mwezi wa July dzuwa lilowa ku Mulanje isanakwane hafu pasiti faifi. Otsogolera amadzutsa alendo ao kusanace, naonetsetsa kuti m'katundu wa munthu ali yense muli cobvala ca mvula, cofunda, nyali ndi cakudya ca tsiku lina lowonjezera, ngakhale kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.